Chikhulupiriro Chosafunsa Kuti Wamupha Ndani: Kuwerenga Buku la Frederick Klaits la ku Old Naledi

Munthu akamwalira asanakalambe, pamaliro pamakhala funso limene silimveka mu ulaliki ngakhale m'mbiri ya malemu. Limanong'onedwa kuseri kwa nyumba kumene amayi akuphika nsima, ndiponso kumanda kumene adzukulu akukumba. Funsolo ndi lakuti: wamupha ndani? Maliro akangoikidwa, ena amanyamuka usiku kukaombeza, ndipo akabwerako banja silikhalanso ngati kale. Azakhali amasiya kulonjerana ndi mlamu wawo, gogo amene anatilera amasanduka mfiti, ndipo ana a mimba imodzi amayamba kuopa kudyera mbale imodzi.

Buku la Frederick Klaits lotchedwa Death in a Church of Life, lomwe linatuluka mu 2010 ku University of California Press, likunena za mpingo waung'ono wa mumzinda wa Gaborone umene unasankha kusafunsa funso limeneli, pa nthawi imene Edzi inkatenga achinyamata mlungu ndi mlungu. Mutu wa bukuli m'Chichewa tingati imfa mu mpingo wa moyo. Klaits ndi katswiri wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, ndipo analemba m'Chingerezi cha kusukulu zaukachenjede. Komabe ndikuona kuti wowerenga wa Chichewa, Chitswana kapena chilankhulo china cha kuno akhoza kulimvetsa bukuli msanga kuposa anthu amene linalembedwera, ndipo akhoza kulifunsa mafunso amene iwowo sangawaganize.

Mpingowu uli ku Old Naledi, dera limene munthu wa ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Kanyama angalizindikire atangoponda. Likulu la dziko linasamutsidwa kuchoka ku Mafikeng kubwera ku Gaborone mu 1965, kutatsala chaka chimodzi kuti Botswana alandire ufulu. Amisiri ndi aganyu amene anabwera kudzamanga maofesi ndi nyumba za akuluakulu a boma analibe pogona m'mapulani a mzindawo, choncho anadzimangira zisakasa pambali. Malowo anakula mpaka kukhala limodzi mwa madera othithikana ndi osauka kwambiri mumzindamo. Ambiri mwa anthu ake amagwira ntchito m'tauni koma abale awo, minda yawo ndi manda awo zili kumudzi.

Klaits anayamba kukhala ndi anthu a mpingowu m'zaka za m'ma 1990, ndipo anapitiriza kubwererako m'zaka zotsatira. Nthawi imeneyi ndi yofunika kuikumbukira. Pofika chaka cha 2000, mwa amayi oyembekezera atatu alionse amene ankayezedwa kusikelo ku Botswana, mmodzi kapena kuposa ankapezeka ndi kachilombo ka HIV. Festus Mogae, amene anali pulezidenti kuyambira 1998 mpaka 2008, anauza dziko lonse lapansi poyera kuti mtundu wake unali pafupi kutheratu. Mankhwala a ma ARV aulere anayamba kuperekedwa mu 2002 pa chipatala cha Princess Marina ku Gaborone, pansi pa ndondomeko yotchedwa Masa, liwu la Chitswana lotanthauza mbandakucha. Zaka zambiri za m'bukuli ndi za kusanache kumeneko, pamene munthu akayamba kuwonda aliyense ankadziwa kumene ulendo ukulowera. Kukhulupirira Mulungu m'zaka zimenezo kunali kukhulupirira uli ndi fosholo m'manja.

Mpingowu umatchedwa Baitshepi, kutanthauza oyera mtima. Ndi umodzi mwa mipingo yoyambitsidwa ndi Aafirika eni ake, yonga ya Ziyoni ndi ya Apositoli imene timaidziwa kwathu. Mtsogoleri wake anali mayi, bishopu, amene akhristu ake ankamutenga ngati kholo lawo lauzimu, iwo n'kumadziona ngati ana ake. Klaits akuonetsa kuti umayi umenewu sunali wa dzina chabe. Unkaoneka m'kudyetsa, m'kusunga odwala, m'kulangiza, m'kuimba ndi m'kupempherera. Mpingo unali nyumba ina yoonjezera pa nyumba yobadwira, ndipo kwa mtsikana wochoka kumudzi kudzafuna ntchito m'tauni, nyumba yotereyi inali chinthu chachikulu.

Pakati pa bukuli pali liwu limodzi la Chitswana, tumelo, limene Baibulo lawo limagwiritsa ntchito ponena za chikhulupiriro. Liwuli limachokera ku mneni go dumela, amene amatanthauza kukhulupirira komanso kuvomera. Ndi liwu lomwelo limene Atswana amapatsana moni: dumela. Munthu wa ku Gaborone akadzuka m'mawa n'kulonjera mnzake, wayamba kale kutchula tsinde la chikhulupiriro. Wowerenga wa Chingerezi amafunika masamba angapo kuti amvetse mmene kukhulupirira ndi kuvomera zingakhalire chinthu chimodzi, chifukwa m'chilankhulo chake chikhulupiriro chimamveka ngati ganizo lokhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Ife sitivutika nazo. Timadziwa kuti wotsogolera nyimbo akaponya, gulu limavomera, ndipo nyimbo yopanda ovomera imafera m'kamwa. Timadziwa kuti wokamba nthano sapitirira ngati omvera sakuyankha kuti tili tonse. Timadziwanso kuti kukhulupirira ndi kukhulupirika ndi mawu a tsinde limodzi: wina amatsamira, wina sasuntha.

Apa ndi pamene bukuli lili ndi mphamvu. Klaits akuonetsa kuti kwa anthu a ku Baitshepi chikhulupiriro ndi ntchito yosunga chikondi pakati pa anthu amene imfa ikufuna kuwadanitsa. Mawu amene amabwerabwera m'bukuli ndi a tsiku ndi tsiku: lerato, chikondi, tlhokomelo, chisamaliro, lefufa, nsanje. Mantha aakulu a anthuwa sanali imfa yokha. Ankaopanso chimene imfa imachita kwa otsala. Matenda aatali amatha ndalama, amatopetsa osamalira, ndipo amadzutsa milandu yakale: ndani anatumiza ndalama, ndani sanabwere kudzazonda, ndani anamanga nyumba ya malata pamene mchemwali wake akugona pansi. M'nyumba yotopa chonchi, woombeza akangoloza chala, moto umagwira pompo.

N'chifukwa chake mpingowu unkakana kuombeza ndi kulozana ufiti, m'malo mwake n'kuika nyimbo, pemphero ndi madzi opempheredwa. Wowerenga Baibulo adzakumbukira anzake a Yobu. Masiku asanu ndi awiri oyamba anachita bwino, chifukwa anangokhala naye pansi osanena kanthu. Analakwa atatsegula pakamwa n'kuyamba kufufuza chimene Yobu anachimwa. Adzakumbukiranso ophunzira a Yesu pa Yohane 9, amene ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa amene anachimwa pakati pa iye ndi makolo ake, Yesu n'kulikana funsolo. Mpingo wa ku Old Naledi unaima pamzere umenewu. Sunanene kuti ukudziwa chifukwa chimene mwana wa zaka 25 wafera. Unangokana kulola kuti kufunafuna chifukwacho kuphe ubale wa otsala.

Gawo lina limene bukuli lachita bwino ndi la mawu ndi nyimbo. Klaits akufotokoza kuti kwa anthu a mpingowu mawu a munthu amalowa mwa mnzake n'kumusintha, mtima ndi thupi lomwe. Mawu onyoza amadwalitsa, mawu achikondi amadzutsa. Kuimba pamodzi ndiye njira imene mzimu wa wina umafikira wina. Bukuli linatuluka limodzi ndi mawu ojambulidwa a maulaliki ndi nyimbo za mpingowu, amene anaikidwa pa intaneti, ndipo ichi chinali chanzeru, chifukwa pepala silingathe kunyamula zimenezi. Aliyense amene anagonapo pa siwa, n'kumva amayi a Mvano kapena a Chigwirizano akuimba kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba, akudziwa chimene Klaits akuyesa kufotokoza. Namfedwa sakhala akumvetsera tanthauzo la ndime iliyonse. Chimene akumva n'chakuti anthu sanachoke. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo bukuli likuonetsa mpingo umene unatenga mwambi wotere n'kuuyesa chiphunzitso.

Nanga kukayika kuli pati m'bukuli? Mutu wake womwe wavomera kale: mu mpingo wa moyo munalowa imfa. Anthuwa ankapemphera, ankaimba, ankasamalira, ndipo okondedwa awo ankafabe. Chikhulupiriro chawo chinalibe umboni woti chikugwira ntchito monga mmene mankhwala amagwirira. Munthu wa mpingowu akanatha kudzuka m'mawa mtima uli zii, osamva kuti Mulungu ali pafupi, koma n'kupitabe kukasambitsa wodwala ndi kukavomera nyimbo madzulo. M'kaonedwe ka tumelo, munthu ameneyu sanagwe. Akuvomerabe. Ali ngati bambo wa pa Marko 9, amene m'mpweya umodzi ananena kuti akukhulupirira n'kupemphanso thandizo pa kusakhulupirira kwake. Kulimba kwa chikhulupiriro chotere sikuyezedwa ndi kusowa kwa mantha mumtima. Kumayezedwa ndi chimene manja ndi pakamwa zikuchita pamene manthawo alipo.

Kuti tione kufunika kwa mfundoyi, tiiyike pambali pa mtundu wina wa chikhulupiriro umene timaudziwa bwino. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ananena kuti analota mankhwala a Edzi. Kumayambiriro kwa 2018 kunamveka kuti boma la Botswana lafufuta m'kaundula mpingo wa Enlightened Christian Gathering wa mlaliki wa ku Malawi Shepherd Bushiri, pa nkhani ya ndalama zozizwitsa. Nkhani ziwirizi n'zosiyana, koma khamu limene limathamangira malo otere limakhala ndi njala imodzi, njala ya yankho lotsimikizika lero lomwe. Palibe chifukwa chowaseka anthu amenewa, pakuti womira amagwira ngakhale udzu. Vuto limadza yankholo likalephera. Wodwala amene anauzidwa kuti achira akakhulupirira mokwanira, akapanda kuchira amasenza katundu wachiwiri, wakuti ndiye wolakwa. Mpingo wa m'buku la Klaits ulibe lonjezo lalikulu chonchi loti lingasweke. Chimene ukulonjeza n'chaching'ono koma chotheka kusunga: sitikusiya wekha, ndipo sitikulola kuti imfa yako isandutse abale ako adani.

Pali mafunso atatu amene wowerenga wa kuno ayenera kulifunsa bukuli. Loyamba n'lakuti: kodi kukana kuombeza si mwambo wa amishonale umene wangovala chovala china? Funsoli lili ndi maziko. Musa Dube, katswiri wa Baibulo amene anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Botswana ku Gaborone komweko, analemba mu 1999 za Baibulo la Chitswana la Wookey la mu 1908, limene linamasulira ziwanda ndi liwu lakuti badimo, liwu limene Atswana amatchulira mizimu ya makolo awo. Mkhristu wowerenga Baibulo limenelo ankaona Yesu akutulutsa makolo ake mwa anthu. Bessie Head naye, m'nthano yake yotchedwa Heaven is not Closed ya m'buku la The Collector of Treasures la mu 1977, akufotokoza za Galethebege, mayi wopemphera amene mmishonale anamudula mu mpingo chifukwa chofuna kukwatiwa mwa mwambo wa Chitswana, koma iye n'kupitirizabe kupemphera mpaka imfa yake. Mabala amenewa ndi enieni. Koma chifukwa chimene Klaits akupeza ku Baitshepi n'chosiyana ndi cha mmishonale uja. Nkhawa ya mpingowu ndi ya chimene ula umachita kwa anthu odyera mbale imodzi. Ndi nkhawa yochokera m'kati mwa mudzi, ndipo agogo athu ambiri amene sanapondepo m'tchalitchi anali nayo.

Funso lachiwiri ndi lolemera, ndipo apa ndi pamene ndikusiyana pang'ono ndi bukuli. Klaits akutsutsa maganizo a mabungwe a zaumoyo akuti anthu osatchula Edzi pa matenda ndi pa maliro ankangokana choonadi kapena ankachita manyazi. Akuonetsa kuti kukhala chete kumeneko nthawi zambiri kunali njira yotetezera wodwala ku chipongwe ndi kumusungira ulemu. Izi n'zoona, ndipo ifenso tinkatero. Tinkati matenda a masiku ano, kapena pa mbiri ya malemu n'kungoti anadwala nthawi yaitali. Pamene kunalibe mankhwala, kutchula dzina la matendawo kunali ngati kuwerengera munthu chiweruzo chake akadali moyo. Koma chete yemweyo anasiya akazi amasiye osadziwa chimene chili m'magazi mwawo, ndipo anasiya makanda akuyamwa kachilombo. Kenneth Kaunda ataulula mu 1987 kuti mwana wake anafa ndi Edzi, ndiponso Bakili Muluzi atanena zomwezo za mchimwene wake mu 2004, nawonso ankachita ntchito ya chikondi, yopweteka kwambiri. Bukuli limamvera chete chisoni chochuluka, ndipo mtengo wake silikuuwerengera mokwanira.

Kuno ndiye kuyenera kusiyanitsa mafunso awiri amene amamveka ngati amodzi. Lina ndi lakuti wamupha ndani. Lina ndi lakuti akudwala chiyani, ndipo tipite naye kuti. Loyamba limafuna munthu woti amuloze chala. Lachiwiri limafuna galimoto, khadi la kuchipatala ndi wina woti akhale naye pamzere. Chikhulupiriro chokhwima chiyenera kukana loyamba ndi kulimba mtima pofunsa lachiwiri. Mbiri ya Botswana itatha 2002 ikusonyeza kuti zimenezi n'zotheka. Mu 2004 dzikolo linayamba kuyeza magazi a anthu obwera kuchipatala monga gawo la chithandizo cha nthawi zonse, kupatula amene akana. Mu 2021 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti Botswana ndi dziko loyamba mwa maiko okhudzidwa kwambiri ndi HIV kufika pa mlingo wofunika pa njira yothetsa kupatsira kachilombo kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Zimenezi zinatheka ndi mankhwala ndi ndalama za boma, komanso ndi anthu ofanana ndi a m'buku la Klaits, operekeza odwala ndi owakumbutsa kumwa mankhwala. Chisamaliro chimene chinkatsekera maso akufa ndi chomwecho chimene chinayamba kuwerengera amoyo mapilitsi.

Funso lachitatu ndi la mphamvu ya mayi. Mpingo womangidwa pa umayi umafunditsa, koma umalamulanso. Mwana wauzimu amene wasiya kuvomera amapita kuti? Nanga makolo ake omubereka akafuna kukaombeza, iye n'kukana chifukwa cha mpingo, chikondi chimene chikusungidwa ndi cha nyumba iti? Klaits sakubisa kuti ubale wauzimu ndi ubale wa magazi nthawi zina zimakokana. Komabe buku lolembedwa kuchokera m'kati mwa mpingo umodzi waung'ono limamva bwino mawu a otsala kuposa a ochoka. Tisaliwerenge ngati chithunzi cha Akhristu onse a ku Gaborone, mzinda umene uli ndi Akatolika, Achianglikani, a UCCSA, a ZCC ndi mipingo yambiri ya Chipentekoste, uliwonse ndi njira yake yokumana ndi mantha. Ndi chithunzi cha khomo limodzi, chojambulidwa pafupi kwambiri, ndipo kukoma kwake ndi malire ake zikuchokera pa kuyandikira komweko.

Pa kalembedwe, bukuli lili ndi mawu awiri. Pamene Klaits akufotokoza anthu, matenda awo, mikangano yawo ndi maliro awo, amalemba moleza mtima ndi mwaulemu, osawasandutsa zitsanzo za chiphunzitso chake. Pamene akuyankhula ndi akatswiri anzake, Chingerezi chimalemera, ndipo wowerenga wamba ayenera kupirira. Chodandaulitsa n'chakuti nzeru zonsezi zinabadwa m'Chitswana, m'maulaliki ndi m'nyimbo za amayi a ku Old Naledi, koma kuti zifike kwa ife a ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, zayenera kudzera ku California. Mipingo yonga Baitshepi ilipo ku Chinsapo, ku Bangwe ndi ku Chawama. Ili ndi amayi ake amene anaika ana ambiri m'manda m'zaka zimenezo koma sanaloze munthu chala. Ambiri a iwo akukalamba, ndipo zimene anaphunzira sizinalembedwe m'chilankhulo chimene anaziphunzirira.

Bukuli n'lofunika kwa abusa, akatekisiti, amayi a m'mabungwe a mpingo ndi onse amene amaitanidwa usiku kukapempherera wodwala. Edzi yagonja kwambiri, koma imfa zosayembekezeka sizinathe. Tinaziona pa nthawi ya Covid-19, pa kolera wa mu 2022 ndi 2023, ndi pa namondwe Freddy mu Marichi 2023. Ndipo agogo akupitirizabe kumenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi yathu powaganizira ufiti mwana akamwalira mwadzidzidzi. Mlaliki amene amauza anamfedwa kuti mkhristu weniweni saopa ndipo sakayika amawasiya okha ndi mantha awo, ndipo mantha osowa kopita amakagogoda kwa woombeza. Anthu a ku Baitshepi, monga mmene Klaits akuwaonetsera, anali ndi njira ina. Ankalola munthu kuopa ndi kulira, n'kukhala naye pansi, n'kuponya nyimbo mpaka iye atapeza mawu ovomera.